Kukonzanso webusaiti ya azakhali olemba mabuku: zolemba za ntchito

Lolemba, sabata yoyamba

Azakhali anga ndi mlembi. Ali ndi mabuku anayi a nthano zazitali, ndipo lachisanu likutuluka pakatha miyezi itatu. Webusaiti ali nayo kale. Dzulo anandiimbira foni nati, "Iwe poti umadziwa za makompyutazi, tangondisinthirako mtundu, ioneke yamakono." Ndinangovomera pomwepo, ndimayesa ndi ntchito ya madzulo awiri.

Lero sindinakhudze kalikonse, ndangoyang'ana. Ndinatsegula webusaitiyo pa foni n'kumawerenga masekondi chamumtima. Ndinafika pa 14 chinthu choyamba chisanaoneke, ndipo chitaoneka chinali chithunzi cha nthenga yolembera itagona pa pepala lachikasu, m'munsi mwake mawu akuti "Lowani". Tsamba lathunthu ntchito yake kungomuuza munthu kuti alowe, chikhalirecho munthuyo walowa kale. Nditadina ndinapeza bokosi lopanda kanthu pakatikati pa tsamba. Kale mmenemo munali kanema wa Flash, pulogalamu yakale yoonetsera makanema pa intaneti. Eni ake, kampani ya Adobe, anaileka pa 31 Disembala 2020 ndipo ma browser akuluakulu, mapulogalamu aja otsegulira intaneti, anaichotsa, ndiye zaka zonsezi alendo akhala akulandiridwa ndi dzenje. Azakhali sankadziwa. Iwo webusaiti yawo saitsegula, amangoitchula akamacheza ndi anthu.

Ndatenga pepala n'kulembapo mafunso atatu amene ndikuganiza kuti munthu amakhala nawo akamafufuza dzina la mlembi: buku latsopano ndi liti, ndingalipeze kuti, nanga ndikafuna kuwalembera ndidzere pati. Kenako ndinayesa kuwayankha ndi webusaiti yakaleyo. Funso loyamba ndinadina kanayi ndisanapeze yankho, ndipo yankholo linali lolakwika chifukwa buku lachinayi palibepo. Lachiwiri linandifikitsa pa linki yakufa. Lachitatu linandipatsa imelo imene azakhali anaiwala mawu ake achinsinsi kalekale.

Pepalalo ndalimata pakhoma pafupi ndi kompyuta. Chilichonse chimene sichikuyankha limodzi mwa mafunsowa chiyenera kundiuza chifukwa chake chikufuna malo.

Lachitatu

Ntchito yaima isanayambe. Domeni, dzina lenileni la webusaitiyo, sili m'dzina la azakhali. Amene anawapangira webusaiti yoyamba anailembetsa m'dzina lake ndi imelo yake, mwina popanda choipa chilichonse mumtima, kungofuna kufulumira. Koma tanthauzo lake n'lakuti iyeyo ataiwala kulipira, kapena atangosowa, adilesi ipita.

Ndinavutika kuwafotokozera azakhali kuti domeni sagula ngati mpando. Imachita kubwerekedwa, chaka ndi chaka, ndipo ya .com ngakhale utafuna kulipiriratu sungapitirire zaka 10 nthawi imodzi. Ikatha osaikonzanso, pakapita nthawi imabwerera pamsika ndipo aliyense akhoza kuitenga. Anandiyankha kuti, "Nanga si tingotenga dzina lina?" Ndinapita pashelefu n'kutenga buku lawo lachiwiri, n'kuwaonetsa chikuto chakumbuyo. Adilesi ija ili pomwepo, ndipo ili pa mabuku onse anayi. Tsamba la pa intaneti ungalisinthe usiku uno, koma inki imene ili m'nyumba za anthu yauma. Anakhala chete pang'ono, kenako anayamba kusanthula m'foni kufuna nambala ya munthu uja.

Mwamwayi wapezeka, ndipo sanavute. Watumiza code yosamutsira domeni. Kusamutsako kumatenga masiku asanu kapena kuposerapo pang'ono, ndiye tidikira. Akaunti yatsopano ndatsegula m'dzina la azakhali, ndi imelo imene amaitsegula tsiku lililonse, osati yanga. Ine ndikadzatanganidwa kapena tikadzayambana, zisadzakhale ngati zimenezi.

Loweruka

Lero tinakangana, ndipo ndikuona kuti mkangano umenewu ndiwo mtima wa ntchito yonseyi.

Ndinajambula tsamba loyamba pa pepala: pamwamba dzina lawo ndi chiganizo chimodzi chonena mtundu wa mabuku amene amalemba, kenako chikuto cha buku latsopano, mizere itatu yofotokoza nkhani yake, ndi batani limodzi. Azakhali anayang'ana nati, "Nanga ineyo ndili pati?" Iwo amafuna chithunzi chawo chachikulu pamwamba, pansi pake mbiri ya moyo wawo kuyambira kubadwa, masukulu onse, ntchito zonse, mpaka tsiku limene anayamba kulemba. Mbiriyo ili ndi mawu opitirira 900. Buku limatchulidwa koyamba m'ndime yachisanu ndi chiwiri.

Ndinawauza za kafukufuku wa Jakob Nielsen ndi John Morkes wa mu 1997, amene anapeza kuti anthu 79 pa 100 alionse amangoyendetsa maso pa tsamba la intaneti, ndipo 16 okha ndiwo amawerenga liwu ndi liwu. Mu 2006 gulu la Nielsen linatsatira maso a anthu ndi makina n'kupeza kuti maso amayenda ngati chilembo cha F: mizere yoyamba amaiwerenga, kenako amangotsetsereka chakumanzere kutsika pansi. Azakhali anaseka. "Owerenga anga si anthu a Nielsen wakoyo. Amamaliza masamba 300 osapumira." Ndipo sakunama. Koma masamba 300 amenewo amawawerenga atakhala pansi, buku lili m'manja, atasankha kale. Pa webusaiti munthu yemweyo amakhala ataimirira, foni m'dzanja limodzi, akufuna kudziwa ngati dzina limene wamva lili ndi kanthu. Akalikonda bukulo adzabweranso yekha kudzafuna mbiri, ndipo pamenepo adzaiwerenga yonse.

Tagwirizana chonchi: tsamba loyamba ndi la buku, mbiri ikhale ndi tsamba lakelake, chithunzi chawo chikhalepo pa tsamba loyamba koma chaching'ono, cham'munsi. Sanasangalale kwenikweni. Anati ndikuwabisa ngati ngongole.

Anafunanso kuti zikuto zonse zinayi zizisinthana zokha pamwamba, china chikubwera china chikupita. Ichi ndakana. Zithunzi zoyenda zokha zimachoka munthu asanamalize kuwerenga, foni imayenera kukoka zinayi m'malo mwa chimodzi, ndipo malangizo a WCAG, amene amathandiza kuti olumala azitha kugwiritsa ntchito intaneti, amati chinthu choyamba chokha kuyenda n'kupitirira masekondi asanu chizikhala ndi poimitsira. Za nyimbo yoyamba yokha tsamba likatseguka sitinataye nthawi: browser ya Chrome inayamba kutsekereza zimenezo mu 2018, ndiye ngakhale titaika, ambiri sangaimve.

Lachiwiri, sabata yachiwiri

Domeni yafika. Ndaika WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti imene yakhalapo kuyambira 2003 ndipo ikuyendetsa mawebusaiti opitirira 40 pa 100 alionse padziko. Sindinaisankhe chifukwa ndi yabwino kuposa zonse. Ndaisankha chifukwa ine ndikadzasowa, munthu wina woidziwa sadzavuta kupeza.

Tsiku lonse lapita ndi zilembo. Pa webusaiti yakale mawu anali otuwa pa malo oyera, mtundu umene nambala yake pa kompyuta ndi #999999. Amaoneka aulemu ukakhala pa kompyuta yaikulu m'chipinda chamdima, koma ukatuluka panja ndi foni amasungunuka. Nditayeza, kusiyana kwa mawuwo ndi pamene akhala ndi 2.85:1 basi. WCAG imafuna 4.5:1 pa mawu wamba ndi 3:1 pa zilembo zikuluzikulu. Zakuda bii pa zoyera mbee zimafika 21:1. Ine ndatenga #333333, imene ili pamwamba pa 12:1 koma siboola maso. Kukula kwa zilembo, ma browser amayambira pa 16px, kutanthauza mapikiselo (timadontho ta pa sikirini) 16. Ndaika 18, poti ambiri mwa owerenga a azakhali ndi a msinkhu wawo womwewo, ovala magalasi.

Mizere ndaifupikitsa kuti isapitirire zilembo 70. Kale mzere umodzi unkayenda kuchokera kumapeto kwa sikirini mpaka kumapeto kwina, ndipo diso likamabwerera linkasochera n'kugwera pa mzere womwe lawerenga kale. Ndachotsanso kuika ndime pakati. Ndakatulo ikhoza kukhala pakati, ndime ya mizere 10 ayi. Ndipo ndinayesa kulinganiza mbali zonse ziwiri monga m'buku, koma ndinabweza msanga. Mawu athu ndi aatali. Liwu ngati "sindikanakukhululukiraninso" likagwera kumapeto kwa mzere pa foni, mzere wapamwamba umatsala ndi mawu awiri atatalikirana ngati anthu oyambana.

Chimene chandidyera maola ambiri ndi kachilembo kamodzi. Azakhali ndi a gulu lija losataya ŵ. Amalemba "kuŵerenga", "aŵiri", ndipo wowachotsera kachipewako amamuona ngati wakuba. Mtundu wa zilembo umene ndinasankha poyamba unali wokongola, koma ŵ mulibe. Browser ikasowa chilembo imakabwereka ku mtundu wina, ndiye pakati pa liwu pamatulukira ŵ wonenepa, wosiyana ndi anzake, ngati mlendo pa chithunzi cha banja. Pa kompyuta yanga sindinazione msanga, zinaonekera pa foni. Chilembochi, chimene chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, chili m'gulu limene Google Fonts imalitcha latin-ext, ndipo si mitundu yonse ya zilembo imene ili nalo. Tsopano ndisanakonde mtundu uliwonse ndimayamba ndalemba "Ŵ ŵ" n'kuona. Ndaikanso lang="ny" pamwamba pa tsamba kuti makina adziwe kuti ichi ndi Chichewa.

Zilembo zonga zolemba pamanja zimene azakhali amazikonda ndazisiya pa dzina lawo lokha. Mitundu ya zilembo yatsala iwiri. Inalipo isanu.

Lachinayi

Zithunzi. Chikuto chimene osindikiza anatumiza ndi cha mainchesi 6 kwa 9 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), kutanthauza mapikiselo 1800 kwa 2700, ndipo fayilo yake ndi ya 9 MB. Pa webusaiti yakale zinaikidwa momwemo, zonse, n'kungozifinya kuti zioneke zazing'ono. Masekondi 14 aja ankachokera ku zithunzi zolemera chonchi. Ndachepetsa chikuto chilichonse kufika mapikiselo 600 m'lifupi n'kuchisunga ngati WebP, mtundu wa zithunzi umene Google inatulutsa mu 2010. Chatsika kufika pa 70 KB, ndipo ndi maso sungaone kusiyana. Google imati chinthu chachikulu pa tsamba chizioneka masekondi 2.5 asanakwane. Nditayeza ndi PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, tsopano tili mkati.

Chithunzi chilichonse ndachilembera kutalika ndi kufupika kwake mu code, kuti browser isungiretu malo. Popanda zimenezo mawu amadumpha chithunzi chikafika, ndipo chala chimene chimapita pa batani lina chimagwera pa lina. Ndalembanso mawu ofotokoza chithunzi, aja amene makina amawerengera anthu osaona. Pa chikuto ndikulemba mutu wa buku, dzina la mlembi ndi zimene zajambulidwa, osati "chithunzi1".

Ndapeza chinthu china chodabwitsa: mawu ofotokoza buku lachitatu sanali mawu ayi, chinali chithunzi cha chikuto chakumbuyo. Munthu sangakopere, wosaona sangamve, pa foni ndi tizilembo tonga nyerere. Ndakhala pansi n'kutaipa onse.

Buku lililonse tsopano lili ndi tsamba lake ndi adilesi yake, kuti munthu akafuna kutumizira mnzake atumize bukulo, osati mulu wonse. Pa tsambalo pali chikuto, nkhani mwachidule, mutu woyamba woti munthu alawe, kumene angalipeze, ndi nambala ya ISBN, imene kuyambira 2007 imakhala ya manambala 13 ndipo ogulitsa mabuku ndi a laibulale ndi imene amafuna. Mutu wolawitsawo ndauika ngati tsamba wamba. PDF pa foni imafuna kukoka ndi zala uku ndi uku, munthu amatopa ndime yoyamba isanathe. Mabuku awiri mwa anayiwa ndi nkhani imodzi yopitirira, koma palibe paliponse pamene panalembedwa loyambira. Chiganizo chimodzi chakonza zimenezo.

Lamlungu

Ndachotsa "dinani apa" 23. Linki iliyonse tsopano ikunena kumene ikupita: "Werengani mutu woyamba", "Pezani bukuli". Mabatani ndawakulitsa kuti chala chachikulu chikwanepo. Apple imalangiza mapointi 44 mbali zonse, ndatsatira zimenezo. Lero basi.

Lachitatu, sabata yachitatu

Azakhali anafunsa funso labwino: "Nanga zonsezi n'zachiyani, poti anthu anga ali pa Facebook?" Ali nawodi ambiri kumeneko. Koma kumeneko ndi nyumba ya eni. Amene amasankha kuti uthenga wawo uonedwe ndi angati si iwo, ndipo akaunti itatsekedwa mawa, anthu onsewo sangawapezenso. M'ndandanda wa maimelo ndi wawo, akhoza kuunyamula kupita nawo kulikonse. Choncho ndaika kafomu kolembetsera kalata ya nkhani, pansi pa mutu wolawitsa uja ndi m'munsi mwa tsamba lililonse. Kakufunsa imelo yokha, ndipo kakunena zoona: kalata izibwera buku latsopano likamatuluka kapena pakakhala mwambo wowerenga, osati sabata iliyonse.

Ndinayesedwa kuika kabokosi kotumphukira kumaso munthu akangofika. Ndaleka. Kupempha imelo kwa munthu amene sanawerenge ngakhale mzere umodzi kuli ngati kufunsira mbeta usanapereke moni. Komanso kuyambira Januwale 2017 Google inanena kuti masamba otchinga nkhope chonchi pa foni akhoza kutsika pa zotsatira zake.

Kenako anatulutsa kope. Muli maimelo a anthu amene anakumana nawo zaka zonsezi, ena olembedwa ndi pensulo. "Alowetse onsewa." Ndinati, "Azakhali, anthuwa anakupatsani imelo kuti muzicheza, sanapemphe kalata." Kupatula ulemu, palinso malamulo: ku European Union lamulo la GDPR, loteteza zinsinsi za anthu monga maimelo awo, linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo ena mwa anthu a m'kopemo amakhala kumeneko. Ndakonza kuti wolembetsa azilandira imelo yotsimikizira, akadina m'pamene walowa. A m'kopemo azakhali awalembera okha mmodzimmodzi, wofuna alembetse yekha. Anadandaula kuti ndi ntchito yaikulu, koma ndinawaona akuyamba ndisanachoke.

Gawo la "Nkhani zatsopano" ndalichotsa lonse. Nkhani yomaliza mmenemo imati buku likutuluka mwezi wamawa, ndipo inalembedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mlendo akaona zotere amayesa mlembi anasiya kulemba, kapena zoposa pamenepo. Ndinawafunsa ngati angamalembemo kamodzi pamwezi. Anandiyang'ana osayankha, ndipo limenelo linali yankho. M'malo mwake ndaika tsamba la atolankhani ndi okonza misonkhano: mbiri ya mawu 50, ina ya mawu 200, chithunzi chachikulu chokopera chokhala ndi dzina la wojambula, ndi zikuto. Mafayilo olemera aja kwawo ndi kumeneku.

Lachisanu

Tsiku loyesa. Ndinapereka foni kwa anthu atatu, aliyense payekha, n'kumuuza kuti apeze buku latsopano ndi polembera uthenga. Lamulo langa linali loti ndisatsegule pakamwa, ndipo zinali zovuta kuposa mmene ndimaganizira.

Awiri anapeza mosavuta. Achitatu ndi mayi ena, anzawo a azakhali, owerenga kwambiri kuposa tonsefe. Buku analipeza. Polembera uthenga anatsika mpaka pansi, nakwera, natsikanso, kenako anandiyang'ana nati, "Mwanawe, palibepo." Menyu ndinaibisa kuseri kwa timizere titatu tija tapakona. Kwa ine timizereto ndi chitseko, kwa iwo ndi kokongoletsa. Ndiye ndinadzifunsa kuti ndimabisiranji, poti zinthu zake n'zinayi zokha: Mabuku, Mbiri, Kalata, Lemberani. Zonse zikukwana pa mzere umodzi ngakhale pa foni yaing'ono. Ndazitulutsa poyera. Tsiku lonse ndimawadzudzula azakhali kuti amakonda zokongola zosathandiza, ine ndili ndi zanga.

Ndayesanso kuyenda pa webusaiti ndi batani la Tab lokha, opanda mbewa ya kompyuta, monga amachitira ena amene manja awo sagwira bwino. Sindinkaona pamene ndili, chifukwa theme, chimango cha maonekedwe a webusaiti, inachotsa mzere wozungulira linki imene wafikapo. Ndaubwezeretsa. Satifiketi ya HTTPS, yoteteza zimene zikudutsa pakati pa mlendo ndi webusaiti, yalowa kuchokera ku bungwe la Let's Encrypt, ndi yaulere ndipo imadzikonzanso yokha masiku 90 asanathe. Mawu aja akuti "Not secure", amene Chrome yakhala ikuonetsa kuyambira Julaye 2018 pa masamba opanda satifiketi, achoka. Usiku uno webusaiti yatsegulidwa.

Lolemba, sabata yachisanu

Ndilembe izi ngakhale zikundichititsa manyazi. Patha masiku 10 chitsegulire, ndipo ukalemba dzina la azakhali pa Google webusaiti siikutuluka. Ndinayamba kuwauza kuti Google imachedwa, adekhe. Dzulo usiku ndinalowa mu Settings ya WordPress, pa Reading, ndipo ndinapeza kabokosi kakuti "Discourage search engines from indexing this site" kadakali kochonga. Ndinakachonga ndekha tsiku loyamba kuti anthu asaone nyumba isanafoleredwe, n'kuiwala. Masiku 10 ndakhala ndikuuza Google kuti isabwere, uku ndikuinena kuti ndi yaulesi. Ndachotsa, ndatumiza sitemap, m'ndandanda wa masamba onse, kwa Google kudzera pa chida chake cha Search Console, ndipo ndawauza azakhali zoona. Anaseka mpaka kutsokomola.

Chachiwiri n'choipa kuposa. Fomu yolembera uthenga ndinaiyesa kamodzi, inalemba kuti "Uthenga wapita", ndipo ndinakhulupirira. Sindinapite kukaona ngati wafika. Mauthenga amagwera mu spam, mmene mumatayidwa maimelo okayikitsa. Tinapezamo anayi, umodzi wochokera kwa mphunzitsi wina wofunsa ngati azakhali angakalankhule ndi ana a sukulu. Unakhalamo masiku asanu ndi limodzi. Amuyankha lero m'mawa ndi kupepesa. Ndakonza kuti maimelo azituluka kudzera pa SMTP, njira yotumizira maimelo ya domeni yathu, ndalembetsa SPF ndi DKIM, zizindikiro zotsimikiza kuti imelo yachokeradi kwa ife, ndipo ndayesa kutumiza kuchokera ku ma adilesi atatu osiyana. Onse afika.

Zotsala: chithunzi cha 1200 kwa 630 choti chizioneka linki ikatumizidwa pa Facebook kapena WhatsApp, chifukwa pakali pano pakutuluka bokosi lotuwa, kukhazikitsa zosunga kope la webusaiti sabata iliyonse, ndi pepala limodzi lowalembera azakhali mmene angaikire buku lachisanu okha, ndi zithunzi za sikirini pa sitepe iliyonse.

Madzulo ano aimbanso. Akuti webusaiti ili bwino, anzawo aiyamikira, koma nthenga yawo ija aisowa. Ndawauza kuti ndiyesa kuiika ngati kachizindikiro ka pa tabu ya browser, kaja ka mapikiselo 32 kwa 32. Ndayesa kale kamodzi, ikuoneka ngati tsamba la mtengo lofota. Mawa ndiijambulanso ndi mizere yonenepa.